Kashopu kosamutsa makaseti akale pa Luchenza, ndi maswiti a pakhonde pake

Pa Luchenza, ukatsika basi n'kulowera chakumsika, pali kashopu ka chipinda chimodzi komwe amabena nyimbo, kutchaja mafoni ndi kutsuka zithunzi. Mashopu otere ali mbwee kuyambira pa Bvumbwe mpaka pa Limbuli, ndipo ambiri sasiyana: kompyuta imodzi, sipika yosokosa pakhomo, mnyamata ali pa benchi kudikira wobwera ndi memory card. Kameneka kakusiyana ndi anzake pa chinthu chimodzi. Mwini wake amalandira makaseti akale n'kusamutsira zomwe zili m'menemo mu fulashi, ndipo ntchitoyi amaidziwa. Pakhonde pa shopu yomweyo pamakhala mayi wina ndi tebulo la maswiti a mtedza, mafirizi, zitumbuwa ndi timapaketi ta Kamba Puffs, moti wodikira sasowa chotafuna.

Tinene poyambirira pomwe taima. Ngati muli ndi kaseti yanuyanu ya nthawi ya sekondale, pitani nayo, ndalama yanu sipita pachabe, bola mudziwe zoti mumuuze mwini shopu asanayambe. Koma foda ya nyimbo zakale yomwe amakopera aliyense wofuna, ija amangoti "zakale", isiyeni.

Obwera ndi makaseti ambiri ndi anthu omwe anali pasukulu kuyambira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 mpaka kumayambiriro kwa m'ma 2000. Makaseti awo ndi a mitundu iwiri. Ena ndi ogula, a Alleluya Band ya ku Balaka, a Lucius Banda, a Evison Matafale, ambiri odzera kwa O.G. Issa yemwe ankagulitsa makaseti a oimba, ena akadali ndi kasitika ka COSOMA, bungwe loteteza umwini wa zaluso, pachikuto. Enawo ndi aja ankagulidwa opanda kanthu, a TDK, Sony kapena Maxell, omwe mwana wasukulu ankajambulira yekha kuchokera pa wailesi, chala chili pa batani, kudikira kuti muulutsi atseke pakamwa. MBC Radio 2 itayamba mu 1997, nyimbo za achinyamata zinachuluka pa wailesi, ndipo ojambula m'nyumba anapeza pokolola. Makaseti amenewa ndiwo ofunika kupulumutsa. Nyimbo ya Westlife kapena ya Brenda Fassie mutha kuipeza pa intaneti ikumveka bwino kuposa pa tepi iliyonse. Koma mndandanda womwe mtsikana wa Folomu 2 anausanja yekha, nyimbo imodzi ya mnyamata woimba yemwe ankamufera itabwerezedwa katatu mbali imodzi, mawu a muulutsi odukira pakati, moni wa pa wailesi wotchula dzina la sukulu yake, zimenezi kulibe kwina kozipeza.

Pa tebulo la shopuyi panali kaseti ina yodikira nthawi yake. Chikuto chake ndi pepala long'ambidwa m'kope la masamu. Mayina a nyimbo analembedwa ndi bolopeni yofiira monga momwe khutu linamvera Chingerezicho, chithunzi cha woimba chodulidwa mu nyuzipepala chinamatidwa ndi selotepi yomwe pano yasanduka yachikasu, ndipo dzina lake lazunguliridwa ndi kamtima. Mwini shopu amajambula chikuto chotere n'kuika chithunzicho mu foda imodzi ndi nyimbo, osawonjezera mtengo. Ndi kanthu kochepa koma koganiza bwino, chifukwa pepalalo limatha msanga kuposa tepiyo.

Mdani wamkulu wa kaseti kuno ndi chinyezi. Thyolo ndi Mulanje ndi maboma a mvula yambiri, n'chifukwa chake tiyi amachita bwino, ndipo miyezi yozizira chiperoni chimatha masiku chikuwaza, makoma n'kumachita thukuta. Kaseti yomwe yakhala zaka makumi awiri m'sutikesi pansi pa bedi, pa simenti, kawirikawiri imakhala itachita chuku. Yang'anani pa kawindo kapakati: mukaona timadontho toyera kapena totuwa m'mbali mwa mpukutu wa tepi, musaiike mu wailesi kunyumba kuti muyese. Chukucho chimamatirira pa hedi, kachitsulo kowerenga mawu pa tepi, chimapatsira makaseti ena, ndipo pomwe tepi yamatana imaduka ikakokedwa ndi mota.

Apa ndi pomwe mwini shopu amaonetsa kuti si wongobena nyimbo. Kaseti iliyonse amayamba waiyang'ana pa kuwala. Yachuku amaimasula tizomangira take, nthawi zambiri timakhala tisanu, n'kuiika m'kontena yotseka bwino pamodzi ndi timapaketi touma tija timabwera m'makatoni a nsapato. Imakhala m'menemo masiku angapo. Padzuwa saiika, ndipo inunso musaiike, chifukwa kutentha kumapinda pulasitiki ndi tepi yomwe. Ikauma amaizunguza ndi dzanja pang'onopang'ono, bolopeni atailowetsa pa kagudumu, tepi ikudutsa pa kansalu kofewa kosathothoka ulusi, mpaka yonse itapukutidwa. Makaseti ena otchipa alibe tizomangira, anamatidwa ku fakitale. Amenewo amawang'amba ndi mpeni m'mbali mwa mzere, n'kusamutsira mpukutuwo m'chigoba cha kaseti ina yabwino. Chigoba chanu chakale sichibwereranso chamoyo, choncho ngati pali zolemba pachigobapo zomwe mukuzifuna, nenani asanang'ambe.

Chachiwiri chomwe amayang'ana ndi kathonje kakang'ono kokhala pa kachitsulo kutsogolo kwa kaseti, komwe kamakankhira tepi kuti igunde hedi. Guluu wake akauma kamagwa, ndipo kaseti yopanda kathonjeka imamveka motsamwa, mawu akubwera ndi kupita. Anthu ambiri ataya makaseti abwinobwino poganiza kuti anafufutika, chonsecho vuto ndi kathonje kokha. Iye amachotsa ka kaseti ina n'kumata.

Polumikiza tepi yoduka ndi pomwe tili ndi dandaulo loyamba. Amadula mbali ziwirizo mopingasa bwino, amamata kumsana kwa tepi, mbali yosagunda hedi, zonsezo n'zolondola. Koma amamatira selotepi wamba wodula mopyapyala. Selotepi wamba amagwira pa tsikulo, kenako guluu wake amatuluka m'mbali n'kumata mizere yoyandikana mu mpukutu. Pa kusamutsa kamodzi palibe vuto. Koma kaseti yolumikizidwa motero musadzaiimbenso kunyumba patapita miyezi, ikadukanso pamalo ena.

Makina ake ndi deki ya hi-fi yakale ya zitseko ziwiri, koma amagwiritsa khomo limodzi lokha, lomwe anaikamo lamba watsopano. Izi n'zofunika kuposa momwe ambiri amaganizira. Tepi ya kaseti imayenda masentimita 4.76 pa sekondi. Lamba akatambasuka liwiro limatsika kapena limagwedera, woimba n'kumamveka ngati wakalamba kapena waledzera, ndipo kukonza zimenezi pa kompyuta n'kovuta. Hedi, kachitsulo kozungulira ndi kagudumu ka labala komwe kamapana tepi amazipukuta ndi thonje la m'makutu loviika mu spiriti yoyera, osati yofiirira ya m'golosale ija, chifukwa utoto wake umatsalira pa hedi. Akamaliza kaseti yomwe inali yachuku amapukutanso asanaike ina. Kagudumu ka labala kakachita dothi n'kuterera ndi komwe kamachititsa kuti wailesi "idye" tepi.

Chomwe chimamusiyanitsa kwambiri ndi ena ndi kasikuluwu kakang'ono ka pambali pa hedi. Kaseti yojambulidwa pa wailesi ya m'nyumba inalembedwa ndi hedi yomwe mwina inali yopendekeka pang'ono. Mukaiimba pa makina ena a hedi yowongoka, mawu okwera amasowa, nyimbo imamveka yophimbika. Iye amavala mahedifoni, amaika mawu pa mono, kuti makutu onse awiri azimva zofanana, n'kumapotoza kasikuluwuko pang'onopang'ono, osafika ngakhale theka la kuzungulira, uku ndi uku, mpaka "s" wa woimba ndi zitsulo za ng'oma zitamveka mowala. Amachita zimenezi pa kaseti iliyonse, nthawi zina mbali iliyonse, chifukwa mbali A itha kukhala kuti inajambulidwa pa wailesi ya kunyumba ndipo mbali B pa ya mnzanu ku hostel. Amadziwanso kusiyanitsa tepi ya Normal ndi ya Chrome poyang'ana timabowo ta pamwamba pa chigoba, ndipo batani la Dolby, lochepetsa kaphokoso ka tepi, salikhudza pokhapokha chizindikiro chake chili pa kasetiyo. Kuyatsa Dolby pa tepi yomwe sinajambulidwe nayo kumadula mawu okwera omwe mwavutikira kuwapeza.

Kuchoka pa deki mawu amatuluka pa Line Out, pa zingwe ziwiri, yofiira ndi yoyera, n'kulowa m'kabokosi kakang'ono ka USB kenako mu laputopu. Ambiri oyesera ntchitoyi amalowetsa chingwe pa bowo la maikolofoni. Bowo limenelo limakweza mawu mopyola ndipo nthawi zambiri limalandira mawu a khutu limodzi okha, zotsatira zake ndi nyimbo yong'ambika. Pulogalamu yomwe amajambulira ndi Audacity, yaulere, ndipo amaonetsetsa kuti pomwe nyimbo yakwera kwambiri mzere usapyole cha pa -6 dB, kuti patsale mpata. Pojambula amazula tchaja ya laputopu. Magetsi athu ndi a 50 Hz, ndipo tchaja yotchipa imalowetsa kulira kwa "mmmm" pansi pa nyimbo yonse. Deki yokha ili pa invetala, chifukwa magetsi akazima tepi ili pakati imatsala yopanidwa pa kagudumu n'kuchita khwinya, ndipo khwinyalo limamveka mpaka kalekale.

Ntchitoyi siyachangu ndipo siyenera kukhala yachangu. Kaseti ya C60 imatha ola lathunthu, mphindi 30 mbali iliyonse. Ya C90 ola ndi theka. Onjezanipo kuyang'ana, kupukuta ndi kudula nyimbo imodziimodzi. Wina akakuuzani kuti kaseti ya C90 aimaliza mu mphindi 20, ndiye kuti akuithamangitsa pa high speed, ndipo mawu okwera atayika. Ya C120 ili ndi tepi yopyapyala kwambiri, yosachedwa kukodwa, moti mwini shopu amakuchenjezeranitu asanailandire. Chanzeru n'kusiya makaseti n'kudzatenga tsiku lina. Tsiku la msika musayembekeze kuti akhala ndi mahedifoni kumutu: mzere wa otchajitsa mafoni sumupatsa mpata, ndipo ntchito yomvetsera imafuna bata.

Tsopano zolakwika zina, zomwe zonse zili kumapeto kwa ntchito, pa kompyuta.

Choyamba, amakonda kwambiri kuchotsa phokoso. Tepi iliyonse ili ndi kamluzu kake ka "sss" chapansipansi. Audacity ili ndi njira yochepetsera kamluzuka, koma ukaikweza kwambiri imadya ndi mawu a woimba omwe, munthu n'kumamveka ngati akuimbira mu mtsuko. Makasitomala ambiri amasangalala akamva kuti pakati pa nyimbo pali zii, ndiye iye anazolowera kukweza. Muuzeni momveka: "Achimwene, kaphokosoko musachotse, ndikafuna tidzachotsa pa kope ina." Samakana. Amangoti, "Chabwino bwana, koma musadzati sindinatsuke."

Chachiwiri, mukapanda kunena amasunga zonse ngati MP3 ya 128 kbps n'kufufuta chojambula choyambacho kuti apeze malo pa laputopu. MP3 ya 128 imadya pafupifupi 1 MB pa mphindi, ndipo pa sipika ya foni simungamve vuto. Koma MP3 imataya mbali ina ya mawu ndipo zotayikazo sizibwerera, komanso kamluzu ka tepi kamaisokoneza kwambiri kuposa nyimbo yochokera pa CD. Pemphani zinthu ziwiri: WAV, fayilo yosataya mawu, ya 44.1 kHz, 16 bit, ya mbali yonse yosadulidwa, yoti musunge; ndi MP3 ya 192 kbps kapena kuposa, yodulidwa nyimbo imodziimodzi, yoti muzimvera. WAV imadya pafupifupi 10 MB pa mphindi, kutanthauza kuti C90 imodzi ndi cha m'ma 900 MB. Fulashi ya 16 GB ikwana makaseti khumi a C90 ndi ma MP3 ake omwe, malo n'kutsalako.

Chachitatu ndi mayina. Mukapanda kubweretsa pepala, mudzapeza Track 01, Track 02 mpaka kumapeto, ndipo wailesi ya m'galimoto idzasakaniza makaseti onse. Lembani mayina a nyimbo ndi oimba motsatana, mbali A payokha, mbali B payokha, mumupatse. Muuzeninso kuti pa makaseti ojambula pa wailesi adule ndi dzanja. Pulogalamu imadula pomwe yapeza bata, ndipo makaseti amenewa alibe bata: nyimbo ina imalowa pamwamba pa inzake, pomwe wojambula anadina batani mochedwa.

Za fulashi tinene pang'ono, chifukwa ambiri amagwera pamenepa. Mafulashi ndi ma memory card ogulitsidwa pa tebulo m'misika ena ndi achinyengo: palembedwa 64 GB pomwe mkati muli malo ochepa kwambiri. Kompyuta imaonetsa kuti zonse zalowa, koma mukafika kunyumba mafayilo ena satseguka. Bwerani ndi yanu yogula m'sitolo yodalirika, ndipo musanachoke imbani fayilo yoyamba, yapakati ndi yomaliza kuchokera mu fulashi momwemo, osati pa kompyuta. Mawailesi ambiri a m'galimoto ndi masipika a Bluetooth amawerenga fulashi yofomatidwa pa mtundu wa FAT32 yokha, pomwe zazikulu kuposa 32 GB zimabwera zili pa exFAT, choncho 16 kapena 32 GB ndiye zosavuta. Vuto lina ndi la shopuyi: laputopu yojambulira ilibe vairasi, koma nthawi zina amakopera kudzera pa kompyuta yaikulu yomwe imalandira memory card ya aliyense, ndipo m'makompyuta otere mumakhala kavairasi kaja kamabisa mafoda n'kusiya ma shortcut. Umirirani kuti akopere kuchokera pa laputopu mwachindunji. Mukafika kunyumba sungani kope yachiwiri kwina. Google Drive imapereka 15 GB ulere, ngakhale kukweza ma WAV kumadya bandulo, choncho dikirani pomwe mwapeza Wi-Fi.

Foda ya "zakale" ndi nkhani ina, ndipo apa sitinyengerera. Ndi mulu wa nyimbo zotoledwa ku YouTube, ku WhatsApp ndi m'ma memory card a anthu, zopanikizidwa kangapo mpaka zitsulo za ng'oma zikumveka ngati zikuphwanyika. Ina ili pamwamba, yotsatira ili pansi, dzanja silichoka pa voliyumu. Zambiri zili ndi mawu a DJ akudzitchula dzina pakati pa nyimbo. Mayina ndi osokonekera: chilichonse cha banjo chalembedwa kuti Namoko, ngakhale chisali chake. Izi n'zochititsa manyazi pa Luchenza, poti Alan Namoko, woimba wosaona uja wa Chimvu River Jazz Band yemwe anamwalira mu 1995, kwawo kunali ku Thyolo konkuno, ndipo akuluakulu odutsa pakhonde pomwepo angathe kuuza mnyamata wa pashopu kuti iyi ndi yake, iyi si yake. Palinso nkhani ya umwini. COSOMA inakhazikitsidwa mu 1992 ndipo lamulo la umwini wa zaluso lomwe likugwira ntchito pano ndi la 2016. Kusamutsa kaseti yanu kuti muzimvera kunyumba n'kosiyana ndi kugulitsa ntchito ya ena kwa aliyense wodutsa. Ambiri mwa oimbawa anatisiya, Matafale mu 2001, Lucius Banda mu June 2024, ndipo abale awo alipo. Funsani ngati shopu ili ndi chiphaso cha COSOMA musanagule nyimbo za m'foda, pano kapena pena paliponse.

Titulukeko pakhonde.

Pa zonse za pa tebulo la mayiwa, maswiti a mtedza ndiwo oyenera ulendo. Ndi aja ankagulitsidwa pa geti la pulayimale nthawi ya matambala, ofiirira, owala, othyoka ndi kaphokoso. Amagwiritsa mtedza wa Chalimbana akaupeza, apo ayi CG7 wofiira uja. Amausankha kaye, kutaya wonyala ndi wachuku, ndipo izi si zaukhondo chabe: poizoni wa chuku cha mtedza saphedwa ndi moto. Akaukazinga amaufikisa m'manja, kupeta makoko, n'kuuswa pawiri. Muyeso wake ndi makapu awiri a shuga, theka la kapu ya madzi, madontho ochepa a mandimu, ndi makapu awiri a mtedza. Shuga ndi madzi amaziika pa mbaula ya moto wapakati, amatakasa mpaka shuga atasungunuka, kenako amachotsa mthiko osatakasanso. Ukapitiriza kutakasa zikuwira, shuga amabwerera kukhala mchenga, ndipo mandimu aja ntchito yake n'kuletsa zomwezo. Shuga akayamba kufiira amadontheza pang'ono m'kapu ya madzi ozizira. Dontho likauma n'kuthyoka pakati pa zala, ndiye kuti zafika, cha pa madigiri 150. Likamapindika, sizinafike, ndipo maswiti ake adzakakamira m'mano. Ukachedwa ndi mphindi imodzi shuga amada n'kuwawa. Akathira mtedza amakhuthulira pa thireyi yopaka mafuta, kusalaza ndi botolo lopakanso mafuta, n'kulemba mizere ndi mpeni zikadali zofunda, chifukwa zikazizira sizidulika, zimangosweka.

Chinyezi chomwe chimawononga makaseti chimavutitsanso maswitiwa. Shuga wophika amakoka madzi a mumpweya, ndipo tsiku la chiperoni maswiti osiyidwa poyera amayamba kunyowa pamwamba pofika masana. Mayiwa amasunga m'botolo lagalasi la chivindikiro cholimba n'kumatulutsa ochepa. Gulani a m'botolo, osati oyalidwa pa mbale. Ndipo musakagwire kaseti ndi zala zomata shuga. Mwini shopu amakubwezani kukasamba m'manja, ndipo akulondola.

Mafirizi alipo a mitundu iwiri, ndipo sakufanana. A malambe ndi abwino: okhuthala, owawasa pang'ono, osachita madzi. Malambe samera kumapiri kuno, amachokera kumadera otentha monga Chikwawa ndi Mangochi, n'chifukwa chake mtengo wake ndi wokwererapo. Amaviika gawo limodzi la malambe m'magawo atatu a madzi owiritsa ofunda kwa ola, amafikisa kuti ufa uchoke pa njere, kusefa, kenako shuga. Shuga amaika wopitirira pang'ono wa chakumwa, poti kuzizira kumachepetsa kutsekemera pa lilime, koma ukachulukitsa firizi siuma, imangokhala phala. Kathumba amadzaza magawo atatu mwa anayi, chifukwa madzi akauma amafufuma n'kung'amba mfundo. Ofiira ndi achikasu a Sobo ndi ofooka. Amawasungunula mopyola, moti ukayamwa kawiri utoto watha, watsala ndi ayezi woyera. Gawo limodzi la Sobo pa magawo atatu a madzi ndiye muyeso womwe ukanabweretsa kukoma komwe anthu amakukumbukira. Yang'aniraninso ichi paliponse pomwe mukugula: firizi yomwe utoto wake wasonkhana pansi, pamwamba pali ayezi woyera, inasungunuka magetsi atazima n'kuumanso. Isiyeni. Chichokereni kolera ya 2022 ndi 2023, kufunsa kuti "Mayi, madziwa ndi owiritsa?" si chipongwe, ndipo mayiwa amayankha mosakhumudwa, n'kukulozerani ndowa yovindikira.

Zitumbuwa zake ndi zapakatikati. Kale nthochi za ku Thyolo zinkadzaza malole opita ku Blantyre, koma matenda a chisaka anawononga minda yambiri ndipo nthochi zinakwera mtengo. Chitumbuwa chenicheni chimafuna nthochi zitatu kapena zinayi zakupsa kwambiri pa kapu imodzi ya mgaiwa, kamchere pang'ono, osathira shuga. Ogulitsa ambiri lero amachulukitsa ufa n'kubwezera ndi shuga, ndipo mayiwa nawonso amatero nthochi zikasowa. Chimatuluka cholimba, chouma pakhosi. Mukafika m'mawa zikadali zotentha zimadyeka. Zamadzulo ayi.

Za ku fakitale palibe zambiri zonena. Kamba Puffs wa Universal Industries ndi yemwe uja, wosiya utoto ku zala. Sankhani paketi yofufuma, chifukwa yophwa yalowa mpweya ndipo zamkati zafewa. Chingamu cha Chappies cha ku South Africa, chija chili ndi timafunso m'kati mwa pepala lake, chimapezeka mwa apo ndi apo, ndipo chikakhala pa dzuwa chimauma n'kumanyenyeka m'kamwa. Tebulo la mayiwa limawombedwa ndi dzuwa la masana, choncho zimenezi kagulenitu m'golosale.

Mtengo wosamutsa amawerengera pa kaseti, ndipo yachuku kapena yoduka amawonjezera. Gwirizanani zonse asanamasule kasikuluwu koyamba, kuphatikizapo WAV ija, kuti pasadzakhale kukangana potenga. Lembani dzina lanu pa kapepala n'kumata pa bokosi la kaseti iliyonse, chifukwa pa shelefu pake makaseti a TDK ofanana amakhala ambiri. Tsiku lotenga pemphani mahedifoni mumvere chiyambi ndi mapeto a mbali zonse ziwiri musanalipire: nthawi zina nyimbo yomaliza imaduka chifukwa anaimitsa kujambula msanga, ndipo kubwereza kumakhala kosavuta kaseti ikadali pa tebulo. Kasetiyo mukabwerera nayo musaitaye. Izunguzeni mpaka tepi yonse ikhale mbali imodzi, thyolani timapulasitiki tiwiri ta pamwamba kuti wina asajambulirepo mwangozi, muiimike m'bokosi lake m'kontena yotseka, pa shelefu yapamwamba, kutali ndi khoma lonyowa komanso kutali ndi sipika, poti maginito a sipika amafufuta tepi pang'onopang'ono.